Khoma la Pakati pa Njira

9 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumgodiko. Kuno tilipo. Amayi miyendo ndi yomwe ija, m'mawa imavuta, dzuwa likakwera imamasuka. Akuti ndikuuzeni kuti juzi munatumiza ija ndi yabwino, koma manja ake ndi a munthu wamtali, ndiye ndawapindira.

Ndakulemberani za geti. Nyumba yakutsogolo ija ana a malemu aphunzitsi anaigulitsa. Anagula ndi bambo wina wowotcherera zitsulo, anthu amangowatchula kuti a Zitsulo. Ali ndi mkazi ndi kamwana kamodzi kongoyamba kumene kuthamanga. Kuwaona si anthu oipa, moni amapereka. Koma paja nyumba yathu ili kuseri kwa yawo, ndipo tonse timalowera pa geti limodzi n'kudutsa njira ya m'mbali mwa nyumba yawo. Kwina kotulukira kulibe, mbali zonse ndi mipanda ya eni ake.

Mwezi watha kasitomala wanga wina anabwera kudzayesa diresi, potuluka n'kusiya geti pululu. Kamwana kaja kanatuluka mpaka pamsewu, anakagwira ndi mayi wogulitsa nthochi. Tsiku lomwelo a Zitsulo anaika loko. Kiyi ndi mmodzi, amakhala pa msomali m'khitchini mwawo. Wofuna kulowa kapena kutuluka agogode, adikire.

Vuto ndi loti makina awo akamalira samva kugogoda. Lachinayi Amayi pochokera kuchipatala anaima panja padzuwa mpaka anakhala pansi m'mbali mwa ngalande, anthu odutsa n'kumawayang'ana ngati opemphapempha. Ine ndinali mkati, ndikuwamva akuitana, koma kiyi anali atapita naye kumsika akazi awo a Zitsulo. Madzulo ndinakapempha kiyi wathu. Anandiyankha mwaulemu ndithu kuti makiyi akachuluka geti lizikhalanso chitsegulire, ndipo iwo mwana ali naye mmodzi.

Makasitomala ena asiya kubwera, munthu safuna kugogoda pakhomo pa eni chifukwa cha zipi. Kodi Bambo anasiya pepala lililonse la njira imeneyi? Amayi akuti palibe, Bambo ndi aphunzitsi anangogwirana chanza. Mundiyankhe, ndipo mutiuze ngati chifuwa chija chinasiya.

Ndine mlongo wanu.

2 Epulo

Mlongo wanga,

Kalata yako yafika dzulo. Kuno makalata amabwera ndi lole ya kampani yobweretsa katundu, ndiye usamadabwe ndikachedwa. Chifuwa chinasiya. Uwapatse moni Amayi.

Ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditaimirira. Amayi anga kukhala m'mbali mwa ngalande pakhomo pawo pomwe? Geti limene lija anagula ndi Bambo pamodzi ndi aphunzitsi, ine ndilipo, ndipo utoto wobiriwira uja ndinapaka ndi manja anga. Iwe unali usanadziwe n'kupukuta mamina komwe. Njira ija ndi yaikulu, tinkaseweramo mpira anyamata a mzere wonse, zigoli uku ndi uku. Theka lake ndi lathu, pepala likhalepo kapena lisakhalepo. Munthu wobwera dzulo sangatikhomere loko.

Vuto lako ndi kufatsa. Unatengera Amayi, munthu akakupondani phazi mumapepesa ndinu. Usakapemphenso kiyi. Uwaonetse kuti kuseriko kumakhala anthu, ndipo anthuwo ali ndi mwamuna wowayankhulira ngakhale ali kutali. Undilembere chilichonse chimene chichitike, usabise chifukwa choopa kuti ndikwiya. Ndakwiya kale.

Ndine mchimwene wako.

20 Epulo

Okondedwa Achimwene,

Moni wanu ndawapatsa Amayi, akuti zikomo, muzivala zofunda.

Munati ndisapemphe, ndiye sindinapemphe. Ndinakagula loko wanga n'kumuika pa geti lomwelo, pamwamba pa wawo, kuti nawonso azigogoda kwathu. Ndinagona mtima uli m'malo tsiku limenelo. Chimene ndinaiwala n'chakuti ntchito ya munthuyu ndi kudula zitsulo. M'mawa mwake loko wanga anabwera atamudula pakati, atamukulunga bwinobwino m'nyuzipepala, n'kumusiya pa makina anga osokera.

Apo m'pamene tinayankhulana mokweza, ine ndi iwo, akazi awo ataima pazenera. Ndinawauza kuti achimwene anga akamva zimenezi sizitha bwino. Iwo anandifunsa kuti, "Achimwene anuwo ndi ati? Chibwerereni pano sindinawaonepo akusesa njira ino." Kunena zoona, amasesa ndi akazi awo.

Kuyambira pamenepo moni unatha. Amatsegula ndithu tikagogoda, koma amayamba amaliza chimene akuwotcherera. Loweruka diresi ya mkwatibwi ndinaipereka podutsitsa pamwamba pa geti, mwiniwake ataimirira pa njerwa kunjako, ndipo inakodwa pa chitsulo n'kung'ambika m'munsi.

Amayi sakukondwa nane. Akuti loko wachiwiri uja zinali zachibwana, ndipo sanandilere choncho. Kutchalitchi asiya kupita, akuti pa msinkhu wawo sangamagogode kuti awatulutse ngati mbuzi. Amangokhala pakhonde n'kumamvetsera belu. Zimenezi ndiye zikundipweteka kuposa za makasitomala.

Ndine mlongo wanu.

6 Meyi

Achimwene,

Sindinalandire yankho la kalata yanga yapita ija, koma iyi singadikire. Ndikulemba ndili kuchipatala. Amayi anagwa Lachiwiri m'mawa akutuluka kubafa. Madokotala akuti ndi sitiroko. Mbali ya kumanzere yafa, mkono ndi mwendo womwe. Kuyankhula akuyankhula, pang'onopang'ono, ndipo nzeru zili bwinobwino, moti anesi awadziwa kale.

Amene anatithandiza ndi a Zitsulo. Atamva kukuwa kwanga anazimitsa makina, anatsegula geti, n'kulowetsa kagalimoto kawo konyamulira zitsulo chafutambuyo mpaka pakhomo pathu, magalasi a m'mbali atawapinda kuti chikwane. Anawanyamula okha Amayi. Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina.

Mawa lake anabwera ndi akazi awo kudzazonda. Potsanzikana anandiitanira panja pa wodi n'kundipatsa kiyi, atamumangirira ku kachingwe kofiira. Anati anachita manyazi ataganiza kuti tsiku limenelo akanakhala atachokapo ndi kiyi uja. Inenso ndinapepesa za loko wanga. Tinaseka. Angopempha kuti makasitomala azitseka akamatuluka, ndipo ine ndati ndiziwaperekeza mpaka pageti.

Madokotala akuti Amayi sadzayendanso, azidzayendera njinga ya olumala. A Zitsulo ati adzatiwotcherera chitsulo chotsetsereka pa sitepe yathu kuti njingayo izikwera, ndipo masiku a kuchipatala aziwatenga. Amayi akungonena za kunyumba, akuti akufuna bedi lawo ndi mpando wawo wa kutchalitchi. Ine ndikugona konkuno pansi pafupi ndi bedi lawo, kunyumba ndatseka. Zovala ndi chakudya akutibweretsera ndi akazi awo a Zitsulo.

Nkhani ya geti ija muiiwale, yatha. Ngati mungathe tumizani kangachepe ka mankhwala.

Ndine mlongo wanu.

8 Meyi

Mlongo wanga,

Kalata yako ya pa 20 Epulo ndailandira. Ndikhulupirira nonse muli bwino ndipo miyendo ya Amayi ikumasuka.

Ndiye munthuyo akufunsa kuti achimwene ako ndi ati? Andidziwa. Ine za maloko sindichita nawo, ndimathetsa nkhani kamodzi. Ndamulembera mnzanga Fosholo, mmisiri uja tinkaphunzira naye limodzi, ndipo za njerwa ndi simenti ndatumiza kwa iye. Amange khoma pakati penipeni pa njira, kuyambira kumsewu mpaka kuseri, likhote n'kutseka bwalo lathu. Iwo mbali yawo, ife mbali yathu, aliyense ndi geti lake. Malo alipo okwanira, njira ija ndimaidziwa ngati chikhatho changa.

Ndamuuza Fosholo kuti asamvere aliyense, ngakhale iwe amene, chifukwa ndimakudziwa. Munthuyo akangokumwetulira kamodzi udzayamba kunena kuti tikambirane. Ndaikamonso kakalata ka a Zitsulo akowo, kachidule, koti theka lawo ndi lawo achite nalo zimene akufuna, lathu ndi lathu, ndipo tisadzaonanenso pageti. Ndasainira ngati mwamuna wamkulu wa pabanja.

Uwauze Amayi achape chovala chawo cha kutchalitchi. Posachedwa azituluka pa geti lawolawo, nthawi imene akufuna, osagogoda kwa munthu.

Ndine mchimwene wako.

29 Meyi

Achimwene,

Kalata yanu ya pa 8 Meyi ndaipeza dzana pansi pa chitseko. Khoma ndinayamba kuliona ndisanaiwerenge.

Chigonekereni Amayi ndinali ndisanapite kunyumba. Akazi awo a Zitsulo anangosiya mwadzidzidzi kubwera kuchipatala, ine n'kumayesa kuti mwina mwana wadwala. Zovala zitatithera ndinapempha mayi wa bedi loyandikana nalo kuti andiyang'anire Amayi, n'kukwera basi. Nditafika ndinapitirira nyumba yathu, ndinaisokoneza. Geti lobiriwira lija kulibe. Pali kachitseko kachitsulo, ndi khoma latsopano lalitali kuposa ine.

Mnzanu Fosholo ndinamupeza akutsuka zida. Ntchito ndiye waigwira bwino, khoma lowongoka, simenti sanabe. Ndinamufunsa ngati anayeza njirayo asanayambe. Akuti anayeza, ndipo anaona kuti ukaigawa pakati, n'kuchotsapo malo a khoma ndi a zipilala, chotsala n'chochepa. Ndinamufunsa chifukwa chake anapitiriza. Anandiyankha kuti, "Achimwene anu analemba kuti ndisamvere aliyense. Ndiye ndinaona kuti ndi ine ndemwe ndisadzimvere."

Kakalata kanu anakapereka tsiku loyamba. Akuti a Zitsulo anakawerenga ataima pomwepo, n'kufunsa ngati ine ndikudziwa. Fosholo anawauza kuti ndi zimene banja lagwirizana. A Zitsulo sanatsutse chilichonse. Geti lakale anachotsa okha, anaboola mpanda wawo wakutsogolo n'kuika lawo lolunjika kumsewu, poti nyumba yawo ili pamsewu kale. Theka lawo la njira amangapo shedi yosungiramo zitsulo, ndipo malata ake atsamira pa khoma lanu.

Mbali yathu munthu amadutsa ndithu. Ukanyamula beseni umayenda chammbali. Njira munkaseweramo mpira ija, Achimwene, munali ndi miyendo yaifupi.

Ndinakagogoda kwawo kuti ndifotokoze. Anatuluka akazi awo, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati amuna awo atanganidwa. Kiyi wa kachingwe kofiira uja ndikadali naye m'chikwama, alibe chotsegula. Amayi sindinawauze. Akuchita bwino, ayamba kudzidyetsa okha ndi dzanja lamanja, ndipo tsiku lililonse amafunsa adokotala za kutuluka.

Ndine mlongo wanu.

17 Juni

Mlongo wanga,

Makalata ako awiri, ya pa 6 Meyi ndi ya pa 29 Meyi, abwera pamodzi pa lole imodzi, chifukwa mlatho wa kuno unakokoloka. Ndinayamba kutsegula yachiwiri, osamvetsa kuti Amayi akutani kuchipatala, mpaka nditatsegula inayo. Tsiku limenelo sindinalowe pansi mumgodi, ndinawauza akapitawo kuti ndadwala. Ndinalira, ndisakubisire.

Koma nawenso uone. Ine ndinachita malinga ndi zimene unandilembera. Unati Amayi asiya kutchalitchi, unati munthuyo akundinyoza. Ndikanangokhala? Ndipo Fosholo ndi munthu wamkulu, ali ndi tepi yoyezera m'thumba, akanaima kaye n'kundifunsa.

Zilibe kanthu, chomangidwa chimagumulidwa. Umuuze Fosholo agwetse khomalo, njerwazo mugulitse mugule mankhwala. A Zitsulo ndawalembera kalata ina yaulemu, yothokoza zimene anawachitira Amayi ndi yofotokoza kuti makalata anaphonyana panjira. Munthu wanzeru amvetsa.

Kubwera ndiye sindingathe panopa. Kontirakiti yanga ikutha chaka chamawa mwezi ngati uno, ndipo ukachoka isanathe sakulembanso. Mankhwala a Amayi achokera kuti ndikasiya ntchito? Uwauze kuti ndikuwapempherera. Undiuze tsiku limene atuluke.

Ndine mchimwene wako.

9 Julayi

Achimwene,

Zimene munatumiza zafika, mankhwala tagula. Zikomo.

Fosholo anabwera ndi hamala monga munanenera. Asanamenye n'kamodzi komwe a Zitsulo anatuluka n'kumuonetsa malata a shedi yawo, kuti khoma likagwa denga ligwa nalo, ndipo pansi pake pali makina. Anatulutsanso kakalata kanu koyamba kaja, koti theka lawo achite nalo zimene akufuna. Fosholo anabweza hamala m'thumba, akuti iye milandu sakonda. Kalata yanu yaulemu ija inafika, anaiwerenga. Akazi awo akuti anangonena kuti makalata akwana.

Amayi anatuluka Lachisanu masana. Ndinawauza za khoma tili m'takisi, poti panalibenso pobisira. Titafika woyendetsa anatithandiza kuwakhazika pa njinga, n'kukankha mpaka pa kachitseko kaja. Matayala anagunda chipilala uku ndi uku. Tinayesa chammbali, tinayesa chafutambuyo. Njingayo ukaipinda imalowa, koma ikakhala ndi munthu ayi. Ine kuwabereka sindingathe, mukudziwa thupi la Amayi, ndipo woyendetsa takisi anati msana wake ndi wovuta. Anthu anayamba kusonkhana, aliyense ndi nzeru zake, wina mpaka anati tichotse tayala limodzi.

Kenako makina a a Zitsulo anazima. Anatulukira pa geti lawo akupukuta manja. Ine sanandiyang'ane. Anagwada kutsogolo kwa Amayi, anawapatsa moni, n'kutembenuka kuwapatsa msana. Tinawakweza. Analowa nawo m'kanjira kaja pang'onopang'ono atawerama, ine pambuyo nditanyamula njinga yopinda. Mkono wakufa uja unkakhula khoma njira yonse, ndinaona titafika kuti chigongono chasupuka, iwo osamva. Anawagoneka pabedi pawo, anawafunditsa, n'kutuluka. Ndinawathokoza, anangogwedeza mutu.

Kunyumba ndiye afika. Koma akufunika kumapita kuchipatala sabata iliyonse kukawongola ziwalo, ndipo ulendo woyamba taphonya kale. Ndinati ndipeze anyamata awiri oti aziwanyamula, koma awiri sangayende mogundizana m'menemo, ndipo Amayi akanitsitsa kuberekedwanso anthu akuonerera. Akuti kamodzi kaja kakwana. Njinga ikungoyenda kuchokera kuchipinda kufika pakhonde, n'kubwerera.

Mukafuna kudziwa ngati ndakukwiyirani, ndilibe nthawi yake.

Ndine mlongo wanu.

28 Julayi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi akazi awo a Zitsulo, amabwera masana kudzandicheza mlongo wako akapita kukapereka zovala. Sindinafune kuti alembe mlongo wako chifukwa amachotsa mawu anga ena n'kuikamo ake.

Uli bwanji kumeneko? Ukudya? Ine ndilipo. Dzanja lamanja likugwira, pakamwa pakuyankhula, zinazo zinapita. Ndimakhala pakhonde. Kale ndinkaona anthu akudutsa pamsewu kudzera m'mipata ya geti, tsopano ndimaona khoma lako. Ndi labwino, mnzako amadziwa ntchito.

Sindikukudzudzula. Unafuna kundithandiza, ndikudziwa. Bambo ako analinso choncho, akamva chinthu ankayamba agula simenti kenako n'kufunsa.

Lamulungu lapitali ndinawaitanitsa a Zitsulo, anabwera, anakhala pa sitepe. Ndinawapempha kuti achotse shedi, khoma ligwe, tibwerere mwakale. Sanakane ndipo sanavomere. Anati iwo anapereka kiyi ndi mtima wonse, n'kulandira khoma pamaso pa anthu a mzere wonse, ndipo mpaka lero anthu amawaloza kuti ndi amene anatsekera nkhalamba yodwala. Anati khomalo sanamange ndi iwo. Amene analamula abwere yekha, aime pamsewu pomwe anthu akuona, anene ndi pakamwa pake kuti analakwitsa, ndipo tsiku lomwelo iwo adzachotsa malata ndi manja awo. Za pepala sakufunanso. Ine ndaona kuti sakunama, ndipo sindinawaumirize.

Mlongo wako akuti sungabwere mpaka chaka chamawa. Ndamva, ntchito ndi ntchito. Koma ine chaka chamawa sindikuchidalira, thupi ndi langa ndikulimva. Ndiye ndinawafunsa a Zitsulo chinthu china chimene chimandisowetsa tulo. Ndinati, njinga yakanika m'kanjira kaja, nanga bokosi lidzadutsa bwanji, anthu atalinyamula uku ndi uku? Sindikufuna kudzatulutsidwa m'nyumba ya amuna anga chopendekeka, kapena pamwamba pa mpanda ngati katundu wakuba.

A Zitsulo anati tsiku limenelo adzaboola okha khoma lakuseri, pamene lakhotera, ndidzadutse pabwalo pawo n'kutulukira pa geti lawo lakutsogolo, ndipo adzatsegula zitseko zonse ziwiri. Tinagwirana chanza, akazi awo ndi mboni, ndi amene akulembawa.

Choncho za kutuluka kwanga usade nazo nkhawa, ndakonza ndekha. Ukatha kubwera ndikadali pakhonde, bwera, udzaime pamsewupo unene mawu akowo, mwina n'kukaonako kutchalitchi kamodzi. Ukalephera, walephera. Chimodzi chokha ndikukupempha, mwana wanga. Usawalembere kalata a Zitsulo, ngakhale yothokoza.

Ndine mayi ako.